Kliniki ya Majengo ndi amayi amene kachilombo kadawalambalala

M'zaka za m'ma 1970, mumzinda wa Winnipeg ku Canada mudabuka nthenda ya zilonda za kumaliseche imene madokotala amati chancroid, ija imatupitsa m'mphechepeche mpaka munthu kutuluka mabomu. Kumeneko inali nthenda yachilendo, choncho dokotala wina wa pa University of Manitoba, a Allan Ronald, adaiikirapo mtima mpaka gulu lawo lidadziwa kuweta kachilombo kake m'labotale, ntchito yomwe inkakanika ambiri. Mliriwo utazilala, a Ronald adatsala ndi luso koma opanda odwala. Ku Nairobi zinali zosemphana. A Herbert Nsanze, amene ankatsogolera dipatimenti yoona za tizilombo toyambitsa matenda pa University of Nairobi, ankaona odwala zilonda zomwezo atandandalika tsiku ndi tsiku pa kliniki ya Casino pakati pa tawuni, koma zipangizo ndi anthu ofufuza zinali zoperewera. Awiriwa adamvana, ndipo mu 1980 a Ronald adafika ku Nairobi. Posakhalitsa mumgwirizanowu mudalowanso a Peter Piot a ku Antwerp ndi a King Holmes a ku Seattle, ndipo a Nsanze atachoka, mbali ya Kenya adaitenga a Jeckoniah Ndinya-Achola. Pamene zonsezi zinkayamba, dzina loti Edzi kunalibe.

Abambo obwera ku Casino ndi chinzonono kapena zilonda akafunsidwa kumene adazitenga, ambiri ankatchula dera limodzi, Pumwani, makamaka chigawo chake cha Majengo. Ili ndi dera lakale, limene atsamunda adalipatula kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1920 kuti muzikhala anthu akuda. Nyumba zake nzamatope zofolera malata, zogawidwa timazipinda ting'onoting'ono, ndipo mayi wogulitsa thupi ankangokhala pakampando pakhomo la kachipinda kake kudikira wodutsa. Bedi, mbaula, beseni ndi ana omwe, zonse m'kachipinda komweko. Patsiku ankalandira amuna anayi, asanu, pamtengo wa ndalama zosakwanira n'chakudya cha banja chomwe. Ambiri mwa amayiwa anali ochokera ku Tanzania, kudera la Bukoba kutsidya kwa nyanja ya Victoria, komwenso Edzi idayambira kuoneka m'dzikolo mu 1983.

Amene adapita kukawapeza anali anthu awiri osiyana kwambiri. Woyamba anali dokotala wachinyamata wa ku Manitoba, a Frank Plummer, omwe adafika ku Kenya koyamba mu 1981 n'kubweranso mu 1984 kudzakhazikika. Wachiwiri anali Mayi Elizabeth Ngugi, namwino wa ku Kenya wodziwa bwino za umoyo wa m'madera. Mbiri ya kliniki ya Majengo ikamakambidwa kunja, dzina la a Plummer ndilo limatsogola, koma pakadapanda Mayi Ngugi sipakadakhala choti akambe. Amayi a ku Majengo ankadziwa boma kudzera mwa apolisi owagwira ndi anamwino owanyoza, moti mzungu wobwera ndi jakisoni ndi mabotolo a magazi sakadamuyandikira. Mayi Ngugi adayenda khomo ndi khomo, adaitanitsa misonkhano, adawalola amayiwo kusankha atsogoleri awoawo, ndipo pofika 1985 amayi mazanamazana anali atalembetsa. Pangano lake linali losavuta kumva: mayi ndi ana ake azilandira chithandizo chaulere nthawi iliyonse akadwala, ndipo iye kawiri pachaka azibwera kudzayankha mafunso, kupereka magazi ndi kupimidwa kunjira yoberekera. Cholinga panthawiyo chinali chinzonono ndi zilonda basi.

M'chaka chomwecho cha 1985, a Joan Kreiss ochokera ku University of Washington adapempha kuti magazi a amayiwa ayezedwe ngati ali ndi kachilombo katsopano kaja kankapha amuna ogonana ndi amuna anzawo ku America. Zotsatira zake zidaumitsa anthu pakamwa: mwa amayi atatu alionse, awiri anali nako. Ofufuzawo atabwerera ku magazi akale osungidwa mufiriji, adapeza kuti mu 1981 amayi ogulitsa thupi 4 okha pa 100 alionse ndiwo anali ndi kachilomboka, koma pofika 1985 anali 61. Lipoti la a Kreiss lidatuluka mu 1986 m'magazini ya New England Journal of Medicine, panthawi imene madokotala ambiri a kumayiko a azungu ankakayikabe zoti HIV ingafale kwambiri pakati pa amuna ndi akazi. Boma la Kenya silidakondwe nazo, poopa kuti alendo odzaona nyama ndi nyanja athawa, ndipo padatenga zaka mpaka mu 1999 kuti Pulezidenti Daniel arap Moi alengeze kuti Edzi ndi tsoka la dziko lonse.

Zaka zotsatirazo zinali za maliro. Mankhwala kunalibe, ndipo chomwe kliniki ikadatha ndi kuchiza matenda ena opatsirana pogonana, kugawa makondomu, ndi kuwerenga. Mayi Ngugi adaphunzitsa amayi ena kuti aziphunzitsa anzawo ndi kugwirizana kuti kasitomala wokana kondomu akanidwe pakhomo lililonse, ndipo mu 1988 adaonetsa m'magazini ya Lancet kuti njirayi ikuchepetsadi kufala kwa kachilombo. Mu 1989 a William Cameron ndi anzawo, potsatira abambo omwe adagona ndi amayi ogulitsa thupi, adapeza kuti osadulidwa ndi amene anali ndi zilonda ndiwo ankatenga HIV kwambiri. Padachitikanso kafukufuku wina amene tanthauzo lake lidamveka patapita zaka. A Kreiss adayesa kasiponji koika kunjira yoberekera kokhala ndi mankhwala a nonoxynol-9, omwe m'labotale ankapha kachilombo mosavuta. Zotsatira za mu 1992 zidaonetsa kuti sikadateteze aliyense, m'malo mwake kadachulukitsa zilonda.

Ndi m'kati mwa kuwerenga komweku mmene a Plummer adayamba kuona chinthu chosamveka. Panali nkhope zina zomwe zinkabwerabe chaka ndi chaka, magazi ake osapezeka ndi kachilombo. Anzawo amene adalembetsa nawo tsiku limodzi anali atadwala kapena kumwalira. Iwowa ankagwira ntchito yomweyo, m'tinjira tomwemo, ndi amuna omwewo, ndipo ankadwala chinzonono ngati wina aliyense, umboni woti kondomu sinkagwira ntchito nthawi zonse. A Plummer adazinena poyera pamsonkhano waukulu wa Edzi ku Berlin mu 1993, ambiri n'kuziyesa mwayi chabe. Yankho la masamu lidabwera mu 1996 kudzera mwa a Keith Fowke, omwe adaphunzira pansi pawo. Mwa amayi 424 amene adalembetsa alibe kachilombo, 239 adakatenga. Koma chiopsezo sichinali chofanana chaka ndi chaka monga zikadakhalira ukadakhala mwayi. Mayi akapyola zaka zoyambirira osatenga, mpata woti atenga unkacheperachepera. Kagulu kameneka kanali kochepa, pafupifupi mayi mmodzi mwa 20 alionse a pa klinikiyi, ndipo kenaka zidaonekanso kuti abale awo a magazi amodzi nawonso sankatenga kachilombo mwachisawawa.

M'chaka chomwecho cha 1996 asayansi ena adapeza kuti anthu ena a ku Ulaya amabadwa opanda kachitseko kotchedwa CCR5 kamene HIV imalowerapo m'maselo. Amayi a ku Majengo atayezedwa, kachitsekoko anali nako bwinobwino, ndipo maselo a m'magazi awo ataikidwa m'botolo limodzi ndi kachilombo, kankalowa popanda vuto. Choncho maso adayenera kuchoka pamagazi a pamkono n'kupita pamalo penipeni pamene kachilombo kamafikira.

Malo amenewa ngoyenera kuwafotokoza pang'ono. M'kati mwa njira yoberekera muli kakhungu konyowa, kosanjikizana mizere yambiri, koma pakhomo la chiberekero chakum'kati kamapyapyala n'kutsala mzere umodzi wokha wa maselo. Pamwamba pake pamakhala chinyezi chonanda chokhala ndi mapuloteni oteteza ndi mabakiteriya okhalamo mwachilengedwe, pansi pake ndiye pali asilikali a m'thupi. HIV siidutsa pamenepa mosavuta monga ambiri amaganizira. Pa avereji, mayi wogona ndi mwamuna amene ali ndi kachilombo amatenga kamodzi pa maulendo pafupifupi 1,000, ndipo mwa anthu ambiri otenga pogonana, matenda onse amayamba ndi kachilombo kamodzi kokha kamene kadapulumuka. Funso la ku Majengo lidasanduka lakuti: n'chiyani chimachitika pakakhungu kameneka m'masiku oyambirira?

Kuti ayankhe, ntchito ya pakliniki idasintha. Mayi akagona pabedi lopimira, dokotala ankatsegula njira ndi chipangizo chopimira, n'kuthiramo madzi a mchere pang'ono, kenaka n'kuwakokanso ndi sirinji kuti atenge chinyezi chija. Akatero ankalowetsa kaburashi kakang'ono pakhomo la chiberekero n'kukazunguza kuti katole maselo. Timabotoloto tinkathamangitsidwa kupita ku labotale ya yunivesite tsiku lomwelo maselo asanafe, tina n'kuumitsidwa kuti tikwere ndege kupita ku Winnipeg kapena ku Oxford. Amayi ena adachita zimenezi kawiri pachaka kwa zaka zoposa makumi awiri.

Yankho loyamba linali lokoma kumva. A Sarah Rowland-Jones a ku Oxford, amene anali ataona kale zofanana mwa amayi ena ku Gambia, adapeza mu 1998 kuti ambiri mwa amayi osatengawa anali ndi maselo akupha, a mtundu wa CD8, odziwa kuzindikira HIV ngakhale m'thupi mwawo munalibe kachilomboko. A Rupert Kaul adapezanso maselo omwewo pakhomo la chiberekero, kuphatikizapo chitetezo cha mtundu wa IgA m'chinyezi chija. Ganizo linali lakuti matupi a amayiwa adakumana ndi kachilombo pang'onopang'ono, n'kuphunzira kukagonjetsa pakhomo pomwepo. Ngati thupi lingaphunzire lokha, katemera angaliphunzitsenso. Mu 1999 kudakhazikitsidwa bungwe la Kenya AIDS Vaccine Initiative, lotsogozedwa ndi a Job Bwayo mothandizana ndi gulu la a Andrew McMichael ku Oxford ndi bungwe la IAVI. Katemera wake adapangidwa motsanzira zidutswa za kachilombo zimene maselo a amayi a ku Majengo ankazindikira. Asanayambe n'kuyesedwa komwe ku Nairobi, padabuka mkangano mu 2000 pamene zidadziwika kuti pachikalata cha umwini wa katemerayo panalibe dzina la wasayansi aliyense wa ku Kenya. Adakambirana n'kukonza, kuyesa kudayamba mu 2001. Za amayi amene magazi awo adabala ganizoli, pamkanganowo sizidamveke kwenikweni.

Mu 2001 momwemo a Kaul adatulutsa lipoti losautsa. Mwa amayi 114 amene ankawerengedwa kuti ndi osatenga, 11 anali atatenga kachilombo, ena atakhala zaka zambirimbiri ali bwinobwino. Chodabwitsa chinali chakuti ambiri mwa iwo adatenga atapumira ntchitoyi kwa miyezi ingapo, mwina atapita kumudzi, kapena atachepetsa makasitomala. Maselo akupha aja ankazilala mayi akasiya kukumana ndi kachilombo. Apa zidayamba kuoneka kuti mwina maselowo anali chizindikiro chabe choti thupi lakumana ndi HIV, osati chomwe chinkateteza. Mu 2004 katemera uja adalephera kudzutsa chitetezo chokwanira mwa anthu ambiri omwe adabayidwa, ndipo adasiyidwa.

Bungwe lina likadathera pomwepo. Chimene chidapulumutsa la Majengo ndi mafiriji ake odzaza ndi zaka zambiri za magazi ndi chinyezi, komanso amayi amene ankabwerabe. Ophunzira atsopano ku Winnipeg ndi ku Nairobi adasiya kusaka chida chimodzi champhamvu n'kuyamba kuyeza zonse pamodzi, majini amene ali maso ndi amene agona, mapuloteni onse a m'chinyezi. Pakati pa 2008 ndi 2012 malipoti adatsatizana, ndipo ankaloza kumene palibe ankayembekezera. A Catherine Card adapeza kuti amayi osatengawa ali ndi asilikali a CD4 ochepa amene ali odzuka, komanso maselo ochuluka a ntchito yoziziritsa chitetezo. A Paul McLaren adaona kuti majini ambiri m'maselo awo a CD4 akugwira ntchito motsika. A Adam Burgener adapeza kuti chinyezi chawo chili ndi mapuloteni ambiri oletsa kutupa, ndipo a Julie Lajoie adaonetsa kuti kunjira yoberekera kwawo kuli timadzi tochepa toitana asilikali. Chitetezo cha amayiwa sichinali chofooka, chifukwa matenda ena ankalimbana nawo ngati munthu wina aliyense. Chinali chodekha.

Chifukwa chake chimamveka mukakumbukira chakudya cha HIV. Kachilomboka kamaswana m'maselo a CD4 omwewo, makamaka amene adzuka ndipo athamangira pamalo potupa. Mayi akakhala ndi chilonda, chinzonono kapena mauka, thupi limatumiza asilikali ambiri pakakhungu kaja, ndipo kachilombo kakafika kamapeza khamu likudikira. Zili ngati moto wolusa m'chilimwe: pamene mwini munda adalambula udzu m'mbali, nthethe imagwa n'kuzima yokha. Kasiponji ka nonoxynol-9 kaja kadalephera pa chifukwa chomwechi, kankapsereza kakhungu n'kuitana maselo amene kachilombo kamafuna.

Umboni wochokera kwina udagwirizana nazo. Ku Blantyre, a Taha Taha ndi anzawo anali ataonetsa kale mu 1998 kuti amayi oyembekezera ndi ongobereka kumene amene mabakiteriya a kunjira yoberekera kwawo asokonekera amatenga HIV kwambiri kuposa anzawo. Ku KwaZulu-Natal, ofufuza a CAPRISA adapeza mu 2015 kuti kutupa kwa m'njiramo, ngakhale kosaoneka ndi maso, kumachulukitsa chiopsezo pafupifupi katatu. Mu 2017 kafukufuku wa atsikana a ku Umlazi ku Durban adaonetsa kuti amene alibe mabakiteriya abwino a Lactobacillus crispatus, m'malo mwake ali ndi osakanikirana, amatenga kachilombo koposa kanayi.

Pali mbali ina ya mbiriyi imene alembi a sayansi amaidumpha msanga. Mankhwala a ma ARV ophatikiza atatu adayamba kupulumutsa anthu ku Canada ndi ku America mu 1996. Ku Majengo adafika cha m'ma 2004 ndi 2005, ndalama za PEPFAR, pulogalamu ya boma la America yolimbana ndi Edzi, zitabwera. M'zaka za pakatipo, amayi amene magazi awo adapatsa anthu madigiri ndi maulendo a kumisonkhano ankamwalira ndi nthenda yoti kwina inali ndi mankhwala kale. Atolankhani adafunsanso funso lina lowawa: kafukufuku wofuna amayi okumana ndi kachilombo tsiku ndi tsiku angafunitsitse bwanji kuti amayiwo asiye ntchitoyo? Ofufuzawo ankayankha kuti ndalama zawo zinali za sayansi, sizinali zothetsera umphawi, ndiponso kuti amayi a pakliniki ankalandira chithandizo choposa cha anzawo ambiri mu Nairobi. Zonsezo n'zoona. N'zoonanso kuti ena mwa amayi otchuka aja adakalambira pakampando komwe kaja. Mayi Ngugi adaliona vutoli msanga, n'kuyambitsa bungwe lawo lapadera lophunzitsa amayi ntchito zamanja ndi kuwabwereketsa mpamba, koma mphamvu zake zinali zochepa poyerekeza ndi kukula kwa Majengo.

Ndikayika pasikelo, chimene chapulumutsa anthu ambiri kuchokera mumgwirizanowu si chinsinsi cha amayi osatenga aja, koma zinthu zina zomwe zidatoledwa m'njira. Ganizo la mdulidwe la mu 1989 lidalondoledwa mpaka ku Kisumu, kumene a Robert Bailey, a Stephen Moses ndi a Ndinya-Achola adayesa pa anyamata 2,784. Kafukufukuyo adaimitsidwa mu Disembala 2006 zitaoneka kuti odulidwa akutenga kachilombo mochepera ndi theka n'kupitirira, ndipo pamodzi ndi zotsatira za ku Orange Farm ku South Africa ndi ku Rakai ku Uganda, zidachititsa bungwe la WHO kuvomereza njirayi mu 2007. Mdulidwe wa kuchipatala umene timaumva pa wailesi ku Malawi ndi ku Zambia mizu yake ina ili pamenepo. Njira ya Mayi Ngugi yoti amayi oyendayenda aziphunzitsana okha idatengedwa ndi gulu la Manitoba mpaka ku Karnataka ku India. Ku Nairobi komweko, mu 2008 kliniki imodzi ija idabala ena angapo pansi pa dzina la SWOP, motsogozedwa ndi a Joshua Kimani, othandiza amayi ndi abambo ogulitsa thupi zikwizikwi.

Oyambitsa ake ambiri adapita. A Bwayo adawomberedwa ndi achifwamba olanda galimoto mu 2007. Mayi Ngugi adamwalira mu 2015. A Plummer, omwe adabwerera ku Winnipeg mu 2000 kukatsogolera labotale yaikulu ya dziko la Canada, adamwalira mwadzidzidzi mu Febuluwale 2020 ali ku Nairobi, kumene adapita kukakondwerera zaka 40 za mgwirizanowu.

Gulu la a Fowke likulondolabe funso la kudekha kuja, tsopano molitembenuza: ngati amayi ena amabadwa nako, kodi ena angapatsidwe? Mu 2018 adalengeza zimene adapeza atapatsa amayi a ku Nairobi opanda kachilombo asipirini wochepa, mamiligalamu 81 patsiku kwa masabata asanu ndi limodzi. Maselo amene HIV imawafuna kunjira yoberekera adachepa ndi pafupifupi 35 pa 100 alionse. Kafukufukuyo adangowerenga maselo, sadayese ngati asipirini amaletsa munthu kutenga kachilombo, ndiye wina asathamangire kugolosale. Kuyesa kotero n'kovutanso lero kuposa kale. Amayi ambiri a pa makliniki a SWOP amagwiritsa ntchito makondomu, amuna ambiri amene ali ndi kachilombo ali pa ma ARV ndipo sangapatsire, komanso kuyambira mu 2017 dziko la Kenya limagawa PrEP, mankhwala oteteza munthu amene alibe kachilombo kuti asakatenge. Mayi wa ku Majengo akakhala zaka khumi osatenga HIV masiku ano, zifukwa zake zimakhala zambiri, ndipo ofufuza sangalozenso thupi lake lokha monga ankachitira ndi amayi amene adalembetsa mu 1985.